Makina akakana chala cha mlimi

Aliyense amene anaimapo pamzere wa kalembera, wa ku banki kapena wolandirira thandizo amawadziwa mawu awa. “Agogo, tapukutani chalacho pachitenje.” Agogo apukuta n’kuika pakagalasi. Kanyali kaphethira, zii. “Mwina chauma, tachisisitani pamphumipo.” Asisita. “Musadinikize kwambiri. Tabweretsani chinacho.” Pofika chala chachinayi a kumbuyo ayamba kung’ung’udza, wina waponyapo nthabwala yoti agogowa anakhwima, ndipo kalaliki, amene naye dzuwa lamuwamba chiyambire m’mawa, amaliza ndi mawu otseka nkhani: makina akukana, mubwere mawa.

Mawa limeneli, kwa munthu wochokera ku Mkanda kapena ku Kapiri, ndi ndalama ina ya kabaza ndiponso tsiku lina losagwira khasu. Chowawa n’chakuti chala chimene abwere nacho mawalo n’chomwecho. Mukaonetsetsanso anthu amene amabwezedwa, si aliyense ayi. Mphunzitsi, kalaliki wa paboma, mnyamata wogulitsa mayunitsi, awa chala chimalowa kamodzi n’kamodzi. Ovutika ndi mlimi wa fodya, mayi amene watha sabata akuswa mtedza, mmisiri wogwira simenti, ndi nkhalamba. Makina amakana kwambiri manja amene agwira ntchito yochuluka, ndipo eni manja amenewa ndi omwenso amadalira feteleza wotsika mtengo, ngongole za ulimi ndi Mtukula Pakhomo.

Vutoli si matsenga ndipo si la ku Malawi kokha. Akatswiri analizindikira kalekale, moti kwa zaka pafupifupi 20 tsopano pali makina a mtundu wina amene anapangidwira manja ovuta, ogwiritsa ntchito njira yotchedwa multispectral imaging. M’malo mojambula pamwamba pa khungu pokha, iwo amaunika chala ndi kuwala kwa mitundu ingapo n’kuona mizere imene ili mkati. Mchinji, boma la alimi lomwe lilinso pamalire, ndi malo abwino ofunsirapo ngati makina oterewa ali oyenera ndalama zathu.

Inki sinkakana munthu

Kudinda chala kunafika kuno kale. Azigogo athu amene ankapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela ankadindidwa zala, pakuti South Africa inayamba msanga kugwiritsa ntchito zidindo polondoloza antchito ambirimbiri, osati akuba okha. Edward Henry, amene njira yake yosanjira zidindo inakonzedwera ku Calcutta m’dziko la India m’ma 1890, anatumizidwa ku Johannesburg ndi Pretoria mu 1900 kukakonza za upolisi, ndipo luso la zalalo anapita nalo. Kumudzi mpaka lero amene sadziwa kulemba amadinda chala chachikulu papepala la ngongole, la malo kapena la kukhoti. Koma inki sinkakana munthu. Chidindo chikatuluka chofufutika, pepala linkalowabe mu fayilo, munthu n’kulandira zake. Chasintha n’chakuti tsopano wowerenga chidindocho ndi kompyuta, ndipo kompyuta imayankha nthawi yomweyo kuti inde kapena ayi.

Alimi a ku Mchinji ali m’gulu la Amalawi oyamba kuyesedwa ndi kompyuta yotereyi. Mu 2007 akatswiri atatu a zachuma, Xavier Giné wa ku World Bank, Jessica Goldberg ndi Dean Yang, anachita kafukufuku pakati pa alimi a paprika oposa 3,000 m’maboma a Mchinji, Kasungu, Dowa ndi Dedza. Alimiwa ankapempha ngongole ya zipangizo ku Malawi Rural Finance Company, ndipo wogula mbewu yawo anali Cheetah Paprika. Nthawi imeneyo kunalibe chiphaso cha unzika, choncho munthu akathawa ndi ngongole chaka chino ankatha kubweranso chaka chamawa ndi dzina lina. Ofufuzawo anajambula zala za theka la makalabu, ena n’kuwasiya, ndipo ojambulidwawo anauzidwa kuti chalacho chidzawadziwitsa akadzabweranso. Zotsatira zake, zomwe zinasindikizidwa mu 2012 m’magazini ya American Economic Review, zinaonetsa kuti alimi amene ankaganiziridwa kuti sabweza ndiwo anasintha kwambiri: anatenga ngongole zocheperako, feteleza anamuthiradi m’munda wa paprika, ndipo anabweza bwino kuposa anzawo osajambulidwa. Amene anali okhulupirika kale sanasinthe kanthu. Kafukufukuyu amawerengedwa m’mayunivesite ambiri ngati umboni woti kudziwika bwino kungathandize wosauka kupeza ngongole.

Koma mu ntchito yomweyo muli kanthu kena kamene sikatchulidwatchulidwa. Pa alimi pafupifupi 1,600 amene anajambulidwa, awiri pa 100 aliwonse chala chachikulu cha kumanja chinakanika, mpaka anachita kugwiritsa ntchito cha kumanzere. Chiwerengerochi chinaoneka chochepa poganizira kuti ambiri analinso alimi a fodya, amene nsonga za zala zawo zimaperepeseka pooka mbande. N’chochepadi pa kalabu ya m’mudzi, pamene wojambula ali ndi mpata woyesa chala china ndipo aliyense akudziwana. Pa dziko lonse nkhani imasintha. Ngakhale munthu m’modzi yekha pa 100 aliwonse, mwa anthu 9 miliyoni, ndi anthu 90,000.

Anthu 9 miliyoni amenewo tinawafikadi. Mu Meyi 2017 bungwe la National Registration Bureau (NRB), mothandizidwa ndi UNDP ndi mayiko ena, linayamba kalembera wa chiphaso cha unzika, ndipo Mchinji inali m’gawo loyamba. Mabokosi pafupifupi 2,000 okhala ndi laputopu, kamera, kojambulira zala ndi sola anazungulira dziko lonse, ndipo m’miyezi isanu ndi umodzi anthu oposa 9 miliyoni a zaka 16 kupita m’tsogolo anali atajambulidwa nkhope ndi zala zonse khumi. Inali ntchito yotamandika, ndipo mayiko ena amaiphunzira. Kungoti amene amadziwa kalendala ya mlimi aona kanthu apa. Meyi ndi Juni ndi nthawi yokumba ndi kuthothola mtedza, yotonola chimanga, yosankha fodya m’zigafa, komanso mphepo youma imakhala itayamba kung’amba khungu. Pa nyengo imeneyi chala cha mlimi wa ku Mchinji chimatha kuvuta kujambula.

Kuyambira pamenepo chiphasocho chalowa paliponse. Mu 2018 MACRA inalamula kuti simu iliyonse ilembetsedwe. Mabanki amachifuna. Pulogalamu ya feteleza wotsika mtengo ya AIP itayamba mu 2020, mlimi ankagula feteleza poonetsa chiphaso chomwecho. Lamulo la zisankho la 2023 linanena kuti umboni wa NRB ndiwo wofunika polembetsa m’kaundula wa voti. Pamene chiphaso chikukula mphamvu, funso loti wachinyamulayo ndi mwini wakedi likukulanso, ndipo yankho limene aliyense amathamangira ndi chala.

Chimene kagalasi kamaona

Mizere ya pachala imapangika mwana ali m’mimba, ndipo akamabadwa imakhala itakhazikika kale. Ngakhale mapasa ofanana kwambiri amasiyana zala. Mizereyi siyambira pamwamba. Chimake chili mkati, pamene khungu lakunja limalumikizana ndi lamkati lokhala ndi timitsempha ta magazi. N’chifukwa chake chala chikanyuka kapena kupsa pang’ono, mizere imameranso monga inalili. Bala lakuya lokha ndilo limasiya chipsera chosatha.

Makina ambiri amene timawaona m’maofesi saona mkatimo. Kuti mumvetse mmene amagwirira ntchito, tengani tambula ya galasi yodzaza madzi, muigwire ndi dzanja, kenako muyang’ane m’madzimo kuchokera pamwamba. M’mbali mwa tambulayo mumanyezimira, simuona za kunja, koma pamene zala zakhudza galasi mizere yake imaoneka bwinobwino. Chimachitika n’chakuti kuwala kukafika pagalasi pamene kuseri kwake kuli mpweya, konse kumabwerera mkati. Pamene kuseri kuli khungu lokhudza, kubwererako kumasokonekera. Kojambulira zala kali ndi galasi lokhuthala, kanyali ndi kamera mkati. Mizere yotukuka imakhudza galasi n’kuoneka yakuda, tingalande ta pakati pake timasiya mpweya n’kuoneka toyera. Kompyuta ikalandira chithunzicho siisunga chala chonse pofananiza. Imafufuza pamene mzere wathera ndi pamene wagawikana pawiri, n’kulemba malo ake ndi kumene waloza. Timfundo timeneti, tomwe pachala chimodzi timakhala makumi angapo, ndito timanena kuti uyu ndi uje. Tojambulira tina, tonga ta pamafoni ambiri, timayeza ndi mphamvu ya magetsi m’malo mwa kuwala, koma natonso timadalira kuti khungu likhudze bwino.

Zonsezi zimayenda ngati chala chili chofewa, chonyowa pang’ono ndiponso choyera. Chala chouma sichimatirira pagalasi, choncho mizere imatuluka yodukaduka, ndipo kompyuta imayesa kuti paliponse paduka ndi pamene mzere wathera. Apa ndi pamene pamachokera nzeru yosisita pamphumi, kuti chala chitengeko mafuta a pankhope. Chala chonyowa ndi thukuta la mu Okutobala kapena mvula ya mu Januwale chimalakwika mwa njira ina: madzi amadzaza tingalande tija, mpweya n’kusowa, chithunzi chonse n’kuda bii. Phula la fodya limene limakanirira m’manja pothyola ndi posoka limachita chimodzimodzi. Simenti ndi laimu zimadya khungu, mchenga wa njerwa umalisalaza, sopo wochapira tsiku ndi tsiku amaliumitsa mpaka ming’alu, ndipo ming’aluyo kompyuta imaiwerenga ngati mizere. Ukalamba umamaliza zonse, pakuti khungu limapyapyala, mizere n’kuphwa, makwinya n’kudutsa chopingasa. Onjezanipo fumbi pagalasi ndi dzuwa lolowa m’mbali pamene kalembera akuchitikira pansi pa mtengo wa mango. Sizodabwitsa kuti makina oyesedwa pa manja a m’maofesi a ku Ulaya amachita chibwibwi akafika kwa Mavwere.

Kuunika kunsi kwa khungu

Njira ya multispectral imaging inatchuka ndi kampani ya Lumidigm, yomwe inayamba mu 2001 mumzinda wa Albuquerque ku New Mexico, m’dziko la America. Anthu ake, kuphatikizapo katswiri wotchedwa Robert Rowe, sanayambire ku zala. Anachokera ku kafukufuku wa zachipatala wofuna kuyeza shuga wa m’magazi pounika khungu, popanda kubaya munthu. Ntchito imeneyo inawaphunzitsa mmene kuwala kumayendera mkati mwa mnofu, ndipo nzeruyo anaitembenuzira ku zidindo. Mu 2014 kampaniyo inagulidwa ndi HID Global.

Usiku uno muzimitse nyali, muyatse tochi ya pafoni n’kuitseka ndi nsonga ya chala. Chalacho chiwala mofiira. Tochiyo ikutulutsa kuwala koyera, komwe ndi kusakanikirana kwa mitundu yonse, koma magazi amameza kwa buluu ndi kobiriwira, kofiira kokha n’kudutsa. Ndiye kuti mtundu uliwonse wa kuwala uli ndi pofika pake: kwa buluu kumathera chapamwamba, kobiriwira kumalowa pang’ono n’kuonetsa bwino pamene pali magazi, kofiira kumapita mkati ndithu. Kojambulira ka multispectral kali ndi tinyali ta mitundu imeneyi, toyikidwa m’mbali zosiyana. Timayaka motsatizana mwachangu kwambiri, ndipo kamera imajambula chithunzi pa kuyaka kulikonse. Pa zithunzi zina kuwalako kumadutsa m’sefa yapadera imene imatchinga kunyezimira kwa pamwamba pa khungu, n’kulola kokha kumene kwalowa mu mnofu n’kubwerera. Munthu amangoona ngati kanyali kaphethira kamodzi, koma makinawo atenga zithunzi zingapo za chala chomwecho, china cha pamwamba, china cha mkati, ndipo pulogalamu ya mkati mwake imaziphatikiza n’kutulutsa chithunzi chimodzi chooneka ngati chidindo wamba.

Phindu lagona pawiri. Timitsempha ta magazi ndi minofu ya kunsi kwa khungu zimatsata mizere ija, choncho ngakhale pamwamba pataperepeseka, chithunzi cha mkati chimathandiza kulumikiza pamene paduka. Komanso kamera ya makinawa imayang’ana chala chenichenicho, siidalira kuti khungu limatirire pagalasi ndi kuti mpweya utsale m’tingalande. Chala chouma, chonyowa, kapena chongokhudza pang’ono chifukwa mwini wake akunjenjemera, chimaonekabe. Agogo aja sakanafunika kusisita pamphumi.

Palinso phindu lina limene limakopa mabanki. Mu 2002 Tsutomu Matsumoto wa ku Yokohama National University ku Japan anaonetsa kuti chala choumba ndi gelatin, yomwe amapangira masuwiti ofewa, chinkapusitsa makina 11 amene anayesa, pafupifupi maulendo 80 pa 100 aliwonse. Mu 2013 dokotala wina wa mumzinda wa Ferraz de Vasconcelos, pafupi ndi São Paulo ku Brazil, anagwidwa ndi zala za silikoni zimene ankadindira anzake kuti aoneke ngati afika pantchito. Ife amene timamva chaka ndi chaka za antchito a mizukwa m’boma, ndiponso za mavenda osonkhanitsa ziphaso za alimi kuti akagulire feteleza, sitingaseke nkhani zimenezi. Ndalama ikangoikidwa kuseri kwa chala, wina ayesa kuumba chala. Gelatin ndi silikoni zilibe magazi ndipo sizibweza kuwala kwa mitundumitundu monga umachitira mnofu, kotero makina a multispectral amatha kukayikira msanga. Sikuti sangapusitsidwe konse. Akuba nawo amaphunzira, ndipo n’chifukwa chake pali muyezo wa ISO/IEC 30107-3 woti ma labotale oima paokha aziyesa makina ndi zala zabodza.

Makinawa agwira ntchito m’malo ovuta ndithu. Ku Walt Disney World, kumene khamu la anthu a thukuta ndi mafuta odzola limadutsa pageti tsiku lililonse, anawaika pa zipata. Mabanki akuluakulu a ku Brazil anawaika pa ma ATM ambirimbiri. Ku Benin bungwe la VaxTrac linawagwiritsa ntchito m’zipatala za kumidzi posunga mbiri ya katemera.

Zimene kuwala sikungakonze

Wogulitsa makina akafika pamenepa amatseka laputopu n’kutulutsa pepala la mtengo. Ife tisathamange. Umboni wambiri wotamanda njirayi unalembedwa ndi opanga ake, ndipo ngakhale sayansi yake ili yomveka, manja a ku Albuquerque si manja a ku Waliranji. Makinawa ndi okwera mtengo kuposa tojambulira wamba, ndipo dziko losowa ndalama zakunja liyenera kufunsa kuti kusiyanako kupulumutsa anthu angati. Ambiri mwa iwo amajambula chala chimodzi pa nthawi. Ndi abwino potsimikiza munthu pakauntala, pomwe kalembera wamkulu amafuna galasi lalikulu lojambula zala zinayi pamodzi.

Chachikulu koposa n’chakuti kufananiza kumafuna zithunzi ziwiri. Chimodzi ndi cha lero, china ndi chimene chinasungidwa pa tsiku la kalembera. Pali miyezo ya dziko lonse, monga ISO/IEC 19794-2, yochititsa kuti chidindo chotengedwa ndi makina a kampani ina chifananizidwe ndi cha ina, moti sipangafunike kutaya nkhokwe ya NRB kuti tiyambe kugwiritsa ntchito makina atsopano. Koma ngati chithunzi cha mu Juni 2017 chinatuluka chodukaduka, makina abwino a lero akhala akufananiza chooneka bwino ndi chosaoneka. Akatswiri ali ndi muyezo wa ubwino wa chidindo wotchedwa NFIQ, wochokera ku bungwe la NIST la ku America, umene mtundu wake watsopano umapereka malikisi kuyambira 0 mpaka 100. Nzeru ingakhale yoti munthu akabwera kudzakonzetsa chiphaso, amene zidindo zake zili ndi malikisi otsika ajambulidwenso pomwepo, ndipo kumeneko ndi kumene makina okwera mtengo angabweze ndalama zake.

Ndipo tinene zoona, nthawi zambiri chimene chimagonetsa alimi padepoti si chala. Ndi netiweki. M’zaka zoyamba za AIP anthu ankachezera pamzere chifukwa kachipangizo kakulephera kulumikizana ndi Lilongwe. Kuwala kwa mitundu ingapo sikudzutsa netiweki, sikutchaja batire, ndipo sikungajambule chala chimene chinaduka pa ngozi kapena kulumala ndi khate.

Pamalire pali phunziro lake. Mu Disembala 2022 mapulezidenti Lazarus Chakwera ndi Hakainde Hichilema anatsegula chipata chimodzi cha Mchinji ndi Mwami, chomangidwa ndi thandizo la African Development Bank, kuti wapaulendo aziima kamodzi m’malo mwa kawiri. Cholinga chonse ndi kusunga nthawi. Zambia nayo ili pa ntchito yosintha chiphaso chake chakale cha NRC kuti chikhale cha zidindo za pakompyuta, pansi pa dongosolo la INRIS, ndipo n’zoonekeratu kuti zipata za m’chigawo chino zikunka ku njira yotsimikiza anthu ndi zala ndi nkhope. Amene amadutsa pa Mwami ndi madalaivala a mathiraki a manja a dizilo ndi girizi, amayi a geni opita ku Chipata, ndi makamu opita ku Nc’wala ku Mtenguleni mu Febuluwale kapena ku Kulamba ku Mkaika mu Ogasiti. Basi imodzi ikakhala ndi anthu asanu oyesa chala kasanu, nthawi imene nyumba yatsopanoyo inapulumutsa yapita. Pamalo ngati amenewa, pomwe anthu ndi ambiri ndipo makina ofunika ndi owerengeka, kugula abwino kwambiri n’kwanzeru.

Komabe pali chinthu chimene chala sichinena. Angoni a kwa Zulu ndi kwa Mlonyeni ndi amodzi ndi a kwa Mpezeni, Achewa a mbali zonse amalambira Kalonga Gawa Undi, ndipo alipo mabanja amene nyumba ili ku Malawi, dimba ku Zambia. Mizere ya pachala ilibe mbendera. Makina, kaya aunike mozama chotani, amangonena kuti uyu ndi yemwe uja analembetsa, kapena kuti analembetsa kale ndi dzina lina. Zoti ndi nzika ya kuti zimachokerabe kwa mfumu, kwa makolo ndi m’mapepala. Amene amalonjeza kuti zipangizo zithetsa mkangano wa unzika m’maboma a pamalire akulonjeza zimene sizili m’bokosi.

Mayiko ena anapsa kale ndi kukhulupirira makina mopitirira. Ku Ghana mu 2012 lamulo linali loti wosatsimikizidwa ndi chala savota, ndipo makina atavuta m’malo ena voti inachita kupitirira mpaka tsiku lachiwiri. Ku Nigeria mu 2015 makina anavuta kutsimikiza Goodluck Jonathan, yemwe anali pulezidenti pa nthawiyo, atolankhani akujambula. Ku India, kumene dongosolo la Aadhaar lili ndi anthu oposa biliyoni imodzi, anthu aganyu ndi okalamba anadandaula kwa zaka zambiri kuti akubwezedwa pa malo olandirira chakudya chifukwa zala sizikuwerengeka, ndipo dzikolo limagwiritsanso ntchito diso ndi nkhope. Akuluakulu anati chala chimodzi sichiswa nsabwe, ndipo pa nkhani iyi mwambiwu ufunika kuumva monga ulili.

Kwa ife nkhaniyi ikukhudza mwapadera Mtukula Pakhomo, pulogalamu imene inayambira ku Mchinji konkuno mu 2006 isanafalikire dziko lonse. Imathandiza mabanja osaukitsitsa opanda wogwira ntchito, ndipo ambiri mwa mabanja amenewa mutu wake ndi gogo wolera adzukulu. Ku Dowa, cha m’ma 2006 ndi 2007, Concern Worldwide ndi Opportunity International Bank of Malawi anayesa kale kupereka ndalama za njala kudzera pa makhadi otsimikizidwa ndi chala. Njira zotere zikamakula, anthu oyamba kuima pakagalasi adzakhala omwe aja amene zala zawo zimavuta kuposa za wina aliyense.

Pali ndi funso la kasungidwe. Nambala yachinsinsi ikabedwa umasintha, chala susintha. Malawi ili ndi lamulo la Data Protection Act la 2024, loyang’aniridwa ndi MACRA, ndipo aliyense wotolera zidindo, kaya banki, esiteti kapena bungwe lothandiza, ayenera kunena kumene akuzisunga ndi amene angazione.

Tsono chigamulo changa n’choti makina a multispectral ndi oyenera kuyesedwa kuno, ndipo pa malo ena, monga pachipata cha Mwami, pa ofesi ya NRB ya paboma ndi polipira okalamba, akuoneka kuti angapambane. Koma ayesedwe tisanagule. Unduna, banki kapena bungwe lililonse lofuna zipangizo za zala, lisanasaine tenda, libweretse makina a makampani onse opikisana pa msika wa Kamwendo kapena wa Mkanda, kamodzi mu Juni, kenanso mu Januwale. Ajambule alimi a fodya, oumba njerwa, amayi a kudimba ndi okalamba, osati ogwira ntchito pa khonsolo. Zotsatira zake zilengezedwe poyera, zitagawidwa potengera msinkhu ndi ntchito ya munthu, kuti tidziwe amene makina aliwonse akuwakana. Boma la anthu oposa 600,000, monga anawerengera mu 2018, silingasowe manja oyeserapo. Aphungu ndi makhansala a ku Mchinji ali ndi mphamvu yofunsa zimenezi, ndipo mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi wa makina ogulidwa kale amene akukana anthu.

China sichifuna ndalama yakunja ngakhale tambala. Pa malo aliwonse pamene chala chimafunsidwa pakhale lamulo lolembedwa, lopachikidwa pakhoma m’Chichewa, lonena chochita chala chikakanika katatu: chala china, nkhope, chithunzi cha pachiphaso, kapena umboni wa mfumu wolembedwa m’buku. Kalaliki asamachite kuganiza yekha, ndipo asamaope kuti akathandiza munthu adzamuyesa wakuba.

Inu owerenga, mukamaperekeza amayi kapena agogo kumalo otere, asambe m’manja ndi sopo, adzole mafuta pang’ono usiku wake, ndipo chala achigoneke chafulati osadinikiza. Zikakanikabe, musavomere msanga mawu oti mubwere mawa. Funsani wamkulu wa pamalopo kuti njira ina ndi iti, ndipo pemphani kuti alembe m’buku kuti makina alephera kuwerenga chala cha munthu amene anafika yekha ndi chiphaso chake m’manja.